Dyna ya kachewere yomwe inadya magasiketi awiri: lipoti la mng'alu pa buloko la injini ya 3L

Galimoto yake ndi Toyota Dyna yaing'ono, ya tani imodzi ndi theka, ya injini ya dizilo ya 3L: masilinda anayi, 2,779 cc, buloko (thunthu la injini lokhala ndi masilinda) ndi hedi (mutu wophimba pamwamba pake) zonse za chitsulo cha kasiti. Ntchito yake ndi kutsitsa kachewere ndi nyemba kuchokera m'misika ya ku Angónia ndi Tsangano kupita ku Tete, n'kubwerera ndi simenti, mchere, nthawi zina matumba a kapenta wa ku Cahora Bassa. Inafika pagalaja pathu ku Ulongué ikuyenda yokha, koma ajudante, wothandiza dalaivala, atakumbatira zigubu ziwiri za madzi kumbuyo, china chili kale gwa.

Dandaulo la eni ake linali lalifupi. Galimoto ikumwa madzi koma pansi sipakudontha. M'mawa imavuta kulira, ikalira imatulutsa utsi woyera wonunkha nthunzi, kenako n'kukhala bwino. Ikangoyamba chitunda, madzi amasefukira pakamwa pa ladiyeta. Gasiketi, yomwe imatseka mpata wa pakati pa hedi ndi buloko, inali itasinthidwa kawiri m'miyezi yochepa, ndipo ulendo wachiwiriwo anagulanso hedi ina yogwirapo kale ntchito.

"Amisiri, ndiikireni gasiketi yeniyeni ya ku Toyota, zinazi zinali zachinyengo," anatero.

Ndinawayankha kuti, "Bambo, gasiketi ikapsa kamodzi timaimba mlandu gasiketi. Ikapsa kawiri, hedi itasinthidwanso, ndiye kuti chikuipsereza chili pansi pake. Mundilole ndiyeze ndisanagule kanthu."

Zomwe ananena oyenda nayo

Eni galimoto kawirikawiri sadziwa mbiri yonse, chifukwa sakhala m'galimotomo. Ndinakhala pansi ndi dalaivala ndi ajudante, abwana awo atachokapo, ndipo nkhani inatuluka motere.

Kutentha koyamba kunachitika mu Novembala, masana, akuchokera ku Tete ndi simenti. Amene amaudziwa msewu umenewu safuna kuuzidwa. Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, pamalo osafika mamita 200 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mwezi umenewo kutentha kumadutsa madigiri 40. Ukapitirira Moatize msewu wa N7 umayamba kukwera, ukakhota pa Mussacama kulowa wa ku Angónia ukukwerabe, mpaka kufika ku Ulongué komwe ndi mamita oposa 1,200. Ulendo wonsewo ndi makilomita oposa 200, ndipo injini imaumva pobwerera, osati popita. Singano yoonetsa kutentha inali itafa kalekale. Dalaivala anazindikira pomva fungo la labala ndi galimoto kuyamba kufooka. Ataima, payipi yapansi ya ladiyeta inali itang'ambika, madzi onse atathera mumsewu. Anamanga payipiyo ndi mphira, ajudante n'kuthamangira pamjigo, ndipo madzi ozizira aja anawathira nthawi yomweyo, injini itazima, chitsulo chikulira thethethe.

Anayenda pang'ono, gasiketi n'kugonja. Inakonzedwera pagalaja ina ya m'mbali mwa msewu. Apa ndinafunsa mafunso ambiri, ndipo ajudante, yemwe ankagwira tochi usiku umenewo, anakumbukira zinthu ziwiri. Hedi anaichotsa osakhetsa madzi onse a m'buloko, moti poinyamula madzi anakhuthukira pa mapisitoni ndi m'mabowo monse, ndipo anangopukuta pamwamba ndi sanza. Pomanga mabawuti anagwiritsa ntchito sipanala yolumikiza ndi payipi yaitali.

"Nanga mphwanga, sunamve kalikonse pomwe ankamanga?"

"Panamveka kaphokoso kamodzi, thi! Ine ndinafunsa, iwo anati ndi bawuti ikukhazikika."

Galimotoyo inayenda bwino milungu ingapo, kenako inayamba kumwa madzi pang'onopang'ono. Galaja yachiwiri inaganiza za hedi. Sindiwanena, chifukwa mahedi a mainjini a banja la L amadziwika ndi kung'aluka pakati pa mavavu akatentha kwambiri, ndipo makaniko aliyense kuno amayamba kuyang'ana pamenepo. Anasintha hedi ndi gasiketi, vuto linabwerera sabata isanathe. Eni ake anathiramo mankhwala a m'botolo omata modontha, ndipo munthu wina pamsika anawalangiza fodya wosinja. Zonsezo tinazipeza m'ladiyeta.

Kuyeza tisanamasule

Injini itazizira usiku wonse, payipi yapamwamba inali yolimbabe ngati injini yangozima kumene. Madzi akazizira mphamvu imatsika, koma mpweya wa m'silinda ukalowa m'njira za madzi umakhalabe momwemo. Titaliza injini chivindikiro chili chotsegula, thovu linayamba kukwera pakamwa pa ladiyeta motsatizana, madzi asanafunde n'komwe, ndipo tikaponda mafuta linkachuluka. Oyilo pa kachitsulo koyezera anali atakwera kupitirira mzere, mtundu wake wotuwa.

Kenako tinachotsa mahita onse anayi, tizitsulo totenthetsa m'silinda poliza injini, n'kulumikiza pampu yoyezera pakamwa pa ladiyeta, n'kupopa mpaka pafupi ndi mphamvu yolembedwa pa chivindikiro. Singano inkatsika mwakachetechete popanda dontho lililonse kunja. Titaisiya kwa kanthawi tinadula waya wa pa pampu ya dizilo n'kuzungulitsa injini ndi sitata. Mabowo atatu anapuma mpweya wouma. Lachitatu linalavula madzi mpaka pa denga la kabini.

Apa tinadziwa silinda yake. Chomwe sitinadziwe ndi khomo lomwe madziwo ankalowera.

Titatsegula

Madzi tinakhetsa onse, a m'ladiyeta ndi a m'buloko omwe, tisanakhudze bawuti ya hedi. Gasiketi inali yabwinobwino, mkombero wake wachitsulo wosapsa, kupatula kamzere kakuda pa silinda yachitatu kumbali imodzi. Pisitoni yachitatu inali yoyera mbee pamwamba pomwe zinzake zinali zakuda ndi mwaye, chifukwa nthunzi imatsuka. Hedi tinaitumiza kukayezedwa ndi madzi otentha ndi mpweya, ndipo inabwera yopanda mlandu. Pamwamba pa buloko tinagoneka chitsulo chowongoka m'litali, m'lifupi ndi mopingasa, tikulowetsa timasamba toyezera mpata. Kupindika kunalipo koma kochepa, kosafika pomwe munthu angakanire buloko. Ndi maso okha panalibe chooneka.

Njira yomwe inaulula ndi yakale kwambiri, ndipo siifuna ndalama. Tinatsuka pamwamba ponse ndi m'kati mwa silinda mpaka chitsulo kuwala, n'kuthirapo parafini kuti alowerere. Patapita kanthawi tinapukuta mpaka kuuma, n'kupakapo choko chosinja chosungunula mu sipiriti. Sipiriti atauluka panatsala kansalu koyera. Ndinagogoda buloko pambali ndi kahamala, pang'onopang'ono. Pa choko paja panayamba kutuluka kamzere kachikasu, kopyapyala ngati tsitsi, kochokera pa bowo la bawuti la pakati pa silinda yachitatu ndi yachinayi. Kanapita mbali ziwiri. Mbali ina kanakathera pa bowo la madzi lomwe lili pafupi. Mbali inayo kanadutsa pomwe pamakhala mkombero wa gasiketi, n'kugwera m'silinda yachitatu, n'kutsika pakhoma pafupifupi masentimita atatu. Eni ake anawerama, n'kupukuta ndi chala, kamzere kaja n'kubweranso.

Mng'alu wotere umatseka injini ikazizira ndipo umayasama ikatentha. N'chifukwa chake amene amangopala gasiketi yakale n'kuyang'ana ndi maso sauona. Pisitoni ikakwera, mpweya woyaka umakankhidwira m'madzi. Injini ikazima, madzi omwe akadali ndi mphamvu amabwezera, n'kumadontha m'silinda usiku wonse, ena n'kudutsa m'malingi kukasakanikirana ndi oyilo.

Ndinalowetsa waya m'bowo la bawuti lija. Pansi pake panali phala la dzimbiri ndi oyilo, lotsendereka mpaka kuuma gwa, lokhala ndi chidindo cha nsonga ya bawuti. Mabowo ena analinso ndi zinyalala, koma osati chonchi.

Panapezekanso china. Poyeza mmene pisitoni iliyonse ikutulukira pamwamba pa buloko, yachitatu inali yotsikirapo kusiyana ndi zinzake. Titaichotsa, konirodi yake, mkono wolumikiza pisitoni ku kirankishafiti, inali yopindika pang'ono. Injini ya 3L imapanikiza mpweya ka 22, ndiye malo otsala pisitoni ikafika pamwamba ndi ochepa, ngati masentimita 33 a kiyubiki basi. Madzi okwana masupuni akuluakulu awiri kapena atatu amadzaza malo amenewo, ndipo madzi sapanikizika. M'mawa wina sitata inakankha pisitoni pa madzi, konirodi n'kugonja. Galimotoyi ikanayenda mwezi wina, konirodi imeneyi ikanatha kuthyoka n'kutulukira pambali pa buloko, ndipo lipoti lino likanakhala la mizere iwiri.

Chinaswa buloko n'chiyani

Dalaivala anali atalandira kale mlandu wa madzi ozizira aja, ndipo abwana ake ankafuna kumudula malipiro. Madzi aja analakwikadi. Chitsulo cha kasiti chili ndi kaboni wambiri, woposa magawo awiri pa 100 alionse, ndipo ambiri mwa iye amakhala ngati timamba tating'onoting'ono m'kati mwa chitsulo. Chimapirira kupanikizidwa, chimameza kunjenjemera, koma sichitamuka. Mbali imodzi ikazizira mwadzidzidzi inayo ikadali yofutukuka, chimachita zomwe limachita galasi la nyali likagweredwa dontho la mvula. Koma kuweruza kwanga n'kwakuti madzi aja anapha gasiketi yoyamba ndi kupinditsa hedi yakale, osati kuswa buloko. Mng'alu wa kutentha sukonda kuyambira pa bowo la bawuti n'kumwazikira mbali ziwiri chotere.

Mabowo a mabawuti a hedi ndi ogontha, alibe potulukira pansi. Ukasiyamo madzi kapena oyilo n'kulowetsa bawuti, bawutiyo imasanduka pisitoni ya jeke. Mazinga ake amatseka njira yothawira, ndipo munthu akakoka ndi payipi ya mita yathunthu, mphamvu yonseyo imakankha makoma a bowo kuchokera m'kati. Kaphokoso komwe ajudante anamva ndimakakhulupirira. Pambuyo pake, ataboola poyambira kusoka mng'aluwo ndi zitsulo, chitsulo cha pafupi ndi bowo la bawuti chinali chakuda ndi dzimbiri m'kati mwa mng'alu, pomwe cha kumapeto, m'khoma la silinda, chinali chowala. Ndiye kuti unayambira kubowo, n'kumayenda pang'onopang'ono ulendo uliwonse injini ikatentha ndi kuzizira, mpaka tsiku lomwe unafika m'silinda. Izi zikugwirizana ndi milungu ija yomwe galimoto inayenda bwino.

Komabe khoma la pakati pa bowo la bawuti ndi njira ya madzi silikanagonja msanga likanakhala la msinkhu wake. Injiniyi yakhala zaka ikumwa madzi a pamjigo ndi a mumtsinje, opanda mankhwala oletsa dzimbiri. Titachotsa zitsekero zozungulira za m'mbali mwa buloko, tinakumba matope ofiira odzaza manja, makamaka kumbuyo kwa silinda yachitatu ndi yachinayi komwe madzi amafika mochedwa. Ambiri kuno amati mankhwala obiriwira kapena ofiira aja ndi a kumayiko achisanu. N'zoona kuti ngakhale ku Tsangano mu Juni madzi saundana m'injini. Koma mankhwalawo ntchito yawo ina ndi kuteteza chitsulo kuti chisadyeke, ndipo imeneyo ndi yomwe ife timaifuna.

Zina zomwe tinapeza zinali za masiku onse. Themositati munalibe, anaichotsa kale poganiza kuti galimoto ya ku Tete siifuna. Ichi ndimatsutsana nacho tsiku ndi tsiku. Popanda themositati injini imayenda yozizira potsika phiri m'mawa, n'kudzatentha kwambiri pokwera masana, ndipo kusinthasintha kumeneku ndiko kumakulitsa mng'alu. Chivindikiro cha ladiyeta chinali ndi labala wong'ambika. Chivindikiro chabwino cha 0.9 bar chimachititsa kuti madzi asawire mpaka kuyandikira madigiri 120, pomwe chikafa, kuno kumtunda madzi amawira pa madigiri 96 okha. Mapiko a wota pampu anali atadyeka, fani inkangozungulira mwaulesi injini itatentha, ndipo mizere yambiri ya ladiyeta inali yotsekeka. Za katundu sindinena zambiri. Masipuling'i akumbuyo anali ndi zitsulo zowonjezera, ndipo aliyense akudziwa chifukwa chomwe munthu amawonjezera zitsulo pa galimoto ya tani imodzi ndi theka.

Ndinawauza eni ake kuti ngati pali wodulidwa malipiro, ayambire pa singano yomwe inafa chaka chonse osaikonza. Anaseka, nkhani ya dalaivala n'kuthera pomwepo.

Njira zomwe zinalipo

Yoyamba yomwe eni ake anatchula ndi kuwotcherera, poti pali mnyamata pamsika yemwe amawotcherera chilichonse. Ndinakana. Kasiti amawotchereka, ndipo ifenso timachita, ndi ndodo za nikelo, kuwotcha pang'onopang'ono masentimita awiri kapena atatu, kusula ndi hamala pakadali potentha, n'kukwirira mumchenga kapena m'phulusa kuti chizizire mochedwa. Zimagwira pa khutu lothyoka la buloko, kapena pa bowo la m'mbali lomwe ntchito yake ndi kungosunga oyilo. Pamwamba pa buloko ndi nkhani ina. Moto wa ndodo umasungunula kaboni uja, ndipo pozizira msanga m'mbali mwa chowotchereracho mumauma gwa ngati galasi, moti ngakhale tupa sagwira. Mng'alu watsopano umadzabadwira pomwepo. Kutenthako kumapinditsanso pamwamba ndi kukhotetsa silinda. Kuti zitheke bwino pamafunika ng'anjo yotenthetsa buloko lonse mpaka madigiri mazana angapo, ndipo ife tilibe. Zomata za m'machubu sindinazilole n'komwe kulowa m'nkhani, poti palibe guluu wopirira moto wa m'silinda ya dizilo.

Yachiwiri, yomwe ineyo ndinalangiza, ndi kupeza buloko lina kapena injini yathunthu mwa zija zochokera ku Japan. Mng'alu wodutsa pa bowo la bawuti ya hedi uli pamalo oipa kwambiri, chifukwa pamenepo ndi pomwe pamakokedwa nthawi zonse. Vuto linali ndalama ndi nthawi. Injini ya 3L ndi yakale, ndipo zabwino zake zikusowa. Zomwe zimapezeka nthawi zambiri zatopa ngati yomweyi, ndipo wogulitsa sakulola kuchotsa hedi usanalipire. Palinso za mapepala. Nambala ya injini imadindidwa pa buloko ndipo imalembedwa mu livrete, chikalata cha galimoto, ndiye ukasintha buloko uyenera kukakonzetsa mapepala ku INATRO, ofesi ya boma yoona za magalimoto, apo ayi udzavutika pa zipata za apolisi ndi pa malire a Calómuè kapena Zóbuè. Eni ake anali ndi kachewere woyembekezera m'minda ya anthu omwe anawalipira kale.

Yachitatu ndi kusoka mng'alu wa pamwamba popanda moto, n'kuika silivu, chitsulo chonga payipi chokhala khoma latsopano, m'silinda yachitatu. Zinthu zitatu zinandichititsa kuvomera. Mng'alu unali umodzi wokha, titayeza buloko lonse ndi parafini ndi choko, pamodzi ndi pomwe pamagona kirankishafiti. Unali waufupi, wothera kumtunda kwa khoma. Ndipo ku Tete kuli malo ogobera mainjini omwe amakonzera magalimoto akuluakulu a ku migodi ya malasha ya ku Moatize, okhala ndi zida zenizeni zosokera. Ndinawauza poyera kuti: "Bambo, ntchito ya manja anga ndiikira kumbuyo, koma chitsulo ichi sindingachilumbirire. Chikhoza kukutumikirani zaka, chikhozanso kutsegula pena." Anasankha imeneyi.

Mmene tinakonzera

Buloko tinalivula zonse, n'kulitsuka, n'kulikweza pa galimoto ya mnzawo yopita ku Tete. Ndinapita nalo ndekha, chifukwa ntchito ngati iyi situmizidwa ndi kalata.

Choyamba anaboola kabowo kumapeto kwenikweni kwa mng'alu, m'khoma la silinda, kuti usapitirire. Kenako anayamba pamwamba. Kusoka kuli ndi mbali ziwiri, ndipo ambiri amangodziwa imodzi. Mopingasa mng'alu amaboola timabowo tondondozana n'kutilumikiza, n'kukhomeramo kachitsulo kolimba ka mapewamapewa komwe kamagwira mbali ziwirizo kuti zisatayane. Timeneti ndiye timabweza mphamvu. Motsatira mng'alu amaboola bowo, kudula mazinga, kulowetsa kabawuti kopaka mankhwala omata mpaka mutu wake kuduka, n'kuboolanso lina lodya pang'ono m'mbali mwa koyambako. Amapitiriza choncho, kabawuti kalikonse kakuluma kanzake, mpaka mng'alu wonse wasanduka mzere wa zitsulo zolumana. Timeneti ndiye timatseka madzi. Mmisiri wake, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, ankapukuta bowo lililonse ndi mpweya asanalowetse kabawuti, ndipo kamodzi komwe sikanamukhutiritse anakaboolanso n'kuika kokulirapo. Amene amasoka ndi mabawuti wamba a kuhadiweya popanda tomangira topingasa amatseka madzi kwa kanthawi, koma mabawutiwo amakhala akukankha mng'alu kuti uyasame.

Bowo la bawuti ya hedi analikuza, n'kuikamo chitsulo chatsopano cha mazinga kunja ndi m'kati, chotsika kupitirira pomwe mazinga akale ankathera, kuti bawuti izikoka pa chitsulo chamoyo.

Kenako silinda. Anaigoba mokulirapo n'kusiya kaphewa pansi kuti silivu ikhale ndi pokhazikika. Silivuyo imakhala yokulirapo pang'ono kwambiri kuposa bowo, ndi timagawo tochepa ta milimita. Inagona mufiriji, buloko n'kufunditsidwa, ndipo analowetsa ndi makina opanikiza mpaka kugunda pa phewa. Atatero anaigoba m'kati n'kuisalaza kubwerera pa mamilimita 96 a injiniyi. Ndinapempha kuti ayezenso silinda yachiwiri ndi yachinayi, poti silivu polowa imatha kukankha zoyandikana nazo. Zinali m'malire, anangozisalaza. Pomaliza anapala pamwamba ponse pang'ono kwambiri kuti zosoka, silivu ndi buloko zikhale mulingo umodzi. Asanatipatse anatseka mabowo onse a madzi, n'kudzaza madzi otentha, n'kupopa mphamvu yoposa yomwe injini imafika. Singano sinagwedezeke.

Kumanga tinamangira kwathu. Konirodi ina yoyezedwa kulemera kuti ifanane ndi zinzake, pisitoni yachitatu yatsopano, malingi onse, mabeyaling'i onse popeza anali atamwa oyilo wamadzi. Kirankishafiti inali yowongoka, inangofuna kupukutidwa. Poti pamwamba panapalidwa, tinayezanso kutuluka kwa mapisitoni onse anayi tisanagule gasiketi. Magasiketi a injini iyi amabwera a makulidwe osiyana, ndipo ukaika yopyapyala pa buloko lopalidwa, pisitoni imakapsompsona mavavu. Tinatenga yokhuthala malinga ndi muyezo.

Mabowo onse 18 tinadutsamo tapu yokonzera mazinga, kutsuka, kupopera mpweya, n'kulowetsa waya wokulunga kansalu mpaka katuluke kouma. Mabawuti onse anali atsopano, chifukwa amtunduwu amatamuka akamangidwa ndipo akale aja anali atazunzidwa ndi payipi. Tinapaka oyilo pang'ono pa mazinga ndi pansi pa mitu, osati kuthira m'bowo. Kumanga kwake ndi kuyambira pakati kupita kunja, pang'onopang'ono mpaka 78 N·m, kenako kupotoza madigiri 90, n'kubwerezanso 90 ena, bawuti iliyonse itaikidwa kadontho ka penti kuti tisasokoneze. Pa bawuti ya pabowo lokonzedwa lija ndinagwira sipanala ndekha, ndipo inakoka mofanana ndi zinzake.

Mbali ya madzi inadya ndalama zomwe eni ake sanaziyembekezere, ndipo tinakanganapo. Ladiyeta inatsegulidwa n'kutokosedwa mzere uliwonse. Tinaika wota pampu, themositati, chivindikiro, mapayipi, zitsekero za m'mbali, chogwirira fani, lamba wa taimingi ndi kachipangizo ka singano ya kutentha, zonse zatsopano. Iwo ankati zina zidikire akagulitsa kachewere. Ndinawayankha kuti buloko losokedwa silipatsidwa mwayi wachiwiri wotentha, ndipo ngati sizitheka lero galimoto igone pagalaja mpaka zidzatheke. Madzi tinathira a mvula osefa, osakaniza ndi mankhwala ake.

Zotsatira

Italira, thovu panalibe. Tinaiyendetsa yopanda katundu mpaka Calómuè ndi kubwerera, kenako ndi theka la katundu pa zitunda za ku Tsangano. Oyilo woyamba tinamukhetsa msanga pamodzi ndi fyuluta, kuti atuluke ndi chinyezi chotsalira ndi tizitsulo ta malingi atsopano. Dalaivala ndinamupatsa malamulo ochepa: aziyang'ana madzi m'mawa uliwonse injini isanalire, azifinya payipi yapamwamba kuti amve ngati yafewa, ndipo singano ya kutentha ikadutsa pakati akukwera chitunda aime pambali injini ikulirabe, osaizimitsa, osatsegula chivindikiro. Kuchoka ku Tete ndi simenti azinyamuka mbandakucha.

Galimotoyo yagwira nyengo yonse ya kachewere. Itabwera kudzasintha oyilo tinalumikizanso pampu ija, singano inaima pomwe tinaisiya, ndipo titachotsa hita yachitatu inali youma ndi yakuda ngati zinzake. Madzi a m'ladiyeta anali atayambanso kufiirira, chifukwa ajudante anawonjezerapo a pamjigo ulendo wina, ndiye tinatsuka n'kuthira ena. Zitsulo zowonjezera pa masipuling'i zikadalipo. Tagwirizana kuti izibwera kudzayezedwa ndi pampu nthawi iliyonse yosintha oyilo, ndipo eni ake auza anthu awo a ku Tete ndi ku Lilongwe kuti akamva za buloko la 3L lomwe mwini wake angalole kuliyeza ndi parafini ndi choko, awadziwitse. Singano ya pampu ija ikadzatsika, sitidzasokanso kachiwiri, buloko lidzachoka.